Seva ili ku Mangochi, ine ndili ku Lilongwe, koma ndikuonera bwinobwino

Amene muli ndi seva, kakompyuta ka kunyumba komwe mumasungamo makanema, nyimbo ndi zithunzi n'kumaonera pa foni kapena pa TV kudzera pa Wi-Fi mukudziwa kukoma kwake, palibe zoyenda ndi flashi m'thumba, palibe zoti memori yadzadza fufutani kaye zina. Koma mukangotuluka pa geti Wi-Fi n'kuduka, zonse zathera pomwepo. Ndiye mukapita pa YouTube kukafufuza, aliyense amakuuzani chinthu chimodzimodzi, eti tsegulani port pa rauta, kakhomo kolowera zochokera pa intaneti, zomwe amati port forwarding, basi zatheka. Kwawoko mwina zimathekadi. Koma ife amene intaneti yathu imabwera ndi SIM yomwe ili mu rauta kapena mu MiFi, mutha kutsegula ma port mpaka tambala kulira, palibe chomwe chilowe, ndipo vuto silili pa rauta yanu kapena pa nzeru zanu ayi.

Yanga ndi laputopu yakale ya Dell yomwe sikirini yake inasweka, ndinaikamo Ubuntu, mtundu wa Linux, ndi Jellyfin, pulogalamu yomwe imatumiza makanema ndi nyimbo ku foni kapena TV, pambali pake pali hard drive ya 2TB. Muli mavidiyo a maukwati ndi zinkhoswe za kwathu, nyimbo zomwe ndinakopa kuchokera pa ma CD anga akale, za kwaya, zithunzi za ana kuyambira ali makanda, ndi tina ndi tina. Imakhala pa shelefu kuchipinda kuno ku boma, ine ntchito imandiyendetsa, lero Monkey Bay, mawa Namwera, nthawi zina Lilongwe sabata yathunthu.

Chomwe chimatitsekereza dzina lake ndi CGNAT. Nkhani yake ndi yoti ma adiresi a intaneti a mtundu wakale, a IPv4, alipo pafupifupi 4.3 biliyoni okha, ndipo bungwe la IANA lomwe limawagawa pa dziko lonse linamaliza kugawa omaliza mu February 2011. Ku Africa kuno amagawa ndi a AFRINIC omwe ali ku Mauritius, nawonso otsala awo ndi ochepa ndipo amapereka mowumira. Ndiye kampani ya mafoni yomwe ili ndi makasitomala mamiliyoni singapatse aliyense adiresi yakeyake yooneka kunja, imatenga adiresi imodzi n'kuunjikapo anthu ambirimbiri, ndiyo CGNAT imeneyo. Zili ngati mpanda wa nyumba za lendi wokhala ndi geti imodzi ndi mlonda mmodzi wovuta, inu mukatuma mwana ku golosale mlonda amamulemba ndipo pobwera amamutsegulira, koma mlendo akangofika yekha n'kunena kuti ndikufuna a m'nyumba muno, mlonda samudziwa, sadziwanso kuti pa zitseko zonsezi akufuna chiti, ndiye amangomubweza. Port forwarding ija ndi kutsegula chitseko cha nyumba yanu mkati mwa mpanda. Chitseko chili pululu inde, koma geti si yanu ndipo kiyi wake mulibe.

Kudziwa ngati muli momwemo n'kosavuta. Lowani pa tsamba la rauta yanu, zambiri za Huawei ndi 192.168.8.1, zina ndi 192.168.0.1 kapena 192.168.1.1, pezani pomwe alemba WAN IP. Kenako tsegulani ifconfig.me pa browser muone nambala yomwe dziko likukuonerani. Zikafanana muli ndi mwayi, tsekani tsamba lino kaoneni mpira. Zikasiyana, makamaka ngati ya pa rauta ikuyamba ndi 10 kapena ili pakati pa 100.64 ndi 100.127, ndiye muli kuseri kwa CGNAT. Manambala a 100.64.0.0/10 amenewa anawapatula dala mu 2012 kuti akhale a ntchito imeneyi. Ndipo musataye nthawi ndi DuckDNS kapena No-IP, zimenezo zimathandiza munthu amene ali ndi adiresi yakeyake yomwe imangosinthasintha, kwa inu zingolozera dzina lanu ku adiresi ya gulu yomwe simungaichite kanthu.

Ena amati gulani Starlink mavuto atha. Starlink inafika ku Malawi kuno mu 2023 ndipo m'mphepete mwa nyanja muno tikuziona mbale zake pa madenga a malodge, liwiro lake ndi labwino sindikukana, koma pa pulani wamba ya pakhomo IPv4 yakenso ndi CGNAT yomweyo. Chomwe ili nacho ndi IPv6, mtundu watsopano womwe ma adiresi ake ndi ochuluka moti chipangizo chilichonse chimakhala ndi yakeyake. Kungoti IPv6 imafuna mbali zonse ziwiri, kunyumba ikhalepo komanso pa netiweki ya foni yomwe muli nayo ku ulendoko ikhalepo, kupanda apo sizikumana, komanso pamafunika rauta yanuyanu yomwe mungailamule kuti ilole zolowa. Yesani test-ipv6.com pa foni muli pa data muone nokha. Njira ina ndi kupempha kampani yanu kuti ikupatseni public IP, zimenezi nthawi zambiri zimakhala za mapulani a mabizinesi ndipo pamakhala kulipira mwezi ndi mwezi, ine chifukwa cha mavidiyo a chinkhoswe sindinaone kuti n'zoyenera.

Ndiye nzeru yake ndi iyi, siyani kulimbana kuti anthu alowe kuchokera kunja, seva yanuyo ndi imene iziyamba kutuluka. Chilichonse chomwe chayambira mkati CGNAT imachilola, ndipo mayankho ake amabwerera popanda vuto, n'chifukwa chake WhatsApp imalira pa foni yanu ngakhale palibe port yomwe munatsegula, foni ndi yomwe inayamba kulumikiza ndipo imangogwirizira njirayo. Njira zonse zomwe zimagwira, kaya Tailscale, kaya ZeroTier, kaya Cloudflare Tunnel, kaya VPS yanu, kakompyuta kobwereka pa intaneti, zonse zimasewera mpira umodzimodzi womwewu.

Ine ndimagwiritsa Tailscale ndipo amene akungoyamba ndimamuuza kuti ayambire pomwepa. Pansi pake pali WireGuard, VPN, kutanthauza ngalande yobisika yolumikiza zipangizo pa intaneti, yomwe analemba Jason Donenfeld ndipo inalowa mu Linux yeniyeniyo mu 2020, yopepuka, siidya batire ngati ma VPN akale aja. Mumaika Tailscale pa seva, n'kulowa ndi akaunti ya Google kapena Microsoft, mumaikanso pa foni n'kulowa ndi akaunti yomweyo, basi zipangizo ziwirizi zimaonana ngati zili pa Wi-Fi imodzi ngakhale china chili ku Mangochi china ku Area 25. Chilichonse chimalandira adiresi yoyamba ndi 100 yomwe siisintha, ndiye mu app ya Jellyfin mumalemba http:// kenako adiresi ya seva ija ndi :8096 kumapeto, kapena dzina la kompyutayo ngati MagicDNS ndi yoyatsa. Pulani yaulere imakwanira banja laling'ono bwinobwino. Chomwe chimandisangalatsa kwambiri n'choti seva siioneka pa intaneti konse, munthu amene sali mu gulu lanu sangaipeze ngakhale atafufuza bwanji, ndiye nkhani ya akuba oyesa ma pasiwedi usiku wonse palibe.

Pali kanthu kamodzi kofunika kuchita tsiku lomwelo musanaiwale. Tailscale imapangitsa kiyi wa chipangizo chilichonse kutha ntchito pakadutsa masiku 180, kenako imafuna kuti mulowenso. Pa foni palibe vuto poti ili m'manja, koma seva yomwe ili kuchipinda inu muli ku Karonga ikangothera kiyi ndiye kuti yasowa mpaka mubwerere. Pitani pa admin console, tsamba lolamulira akaunti yanu ya Tailscale, pa Machines, dinani timadontho titatu pa dzina la seva musankhe Disable key expiry.

Tsopano pali mbali yomwe aku YouTube aja satchula kawirikawiri poti iwo ali pa fibre. Tailscale imayesetsa kuti zipangizo zilumikizane mwachindunji, zonse ziwiri zimatumiza timapaketi ta UDP nthawi imodzi, uyu kuloza uko uyo kuloza kuno, kuti NAT ya mbali iliyonse, mlonda wa pa geti uja, iganize kuti zomwe zikubwerazo ndi yankho la zomwe zinatuluka. Nthawi zambiri zimatheka. Koma ma NAT ena ndi ouma mutu, amasintha port pa malo aliwonse omwe mukulankhula nawo, ndipo zikakhala choncho mbali zonse ziwiri, zomwe zimachitika kwambiri rauta ya SIM ikamalankhula ndi foni ya pa data, njira yachindunji imakanika ndipo Tailscale imadutsitsa zonse pa ma seva ake apakati omwe amawatcha DERP. Ina mwa yapafupi nafe ili ku Johannesburg. Taganizani, ndili ku Monkey Bay, makilomita osafika 70 kuchokera kunyumba, koma kanema akuchoka pa shelefu yanga, kupita ku Joni, n'kubwereranso kudzandipeza pa doko pomwe Ilala imakocheza. Zinthu zake zimakhalabe zobisika, a DERP sangaone zomwe zikudutsa, koma liwiro limatsika ndipo mukadumphitsa kanema kutsogolo mumadikira kaye kakuzungulira kaja.

Mutha kuona nokha zomwe zikuchitika. Pa seva lembani tailscale ping ndi dzina la foni yanu, ikayankha kuti via DERP(jnb) ndiye kuti mukudutsira ku Johannesburg, ikaonetsa adiresi ndi port ndiye kuti mwalumikizana mwachindunji. Nthawi zina imayamba ndi DERP kawiri katatu kenako n'kupeza njira, musathamangire kudandaula pa mzere woyamba. Palinso tailscale netcheck, pamenepo yang'anani MappingVariesByDestIP, ikati true ndiye NAT yanu ndi ya gulu louma mutu lija. Ine ndinaona kuti ndikakhala pa Wi-Fi ya ku ofesi kapena ya pa lodge kumakhala kwachindunji, ndikakhala pa data zimatengera tsiku, ndipo nyimbo sizisamala zonsezi, zimalira basi, ndi kanema yekha amene amamva kuwawa.

Kanthu kena kodabwitsa, Tailscale imagwiritsanso manambala omwewo a 100.64.0.0/10 omwe makampani amagwiritsa pa CGNAT. Ngati seva yanu ili kuseri kwa rauta n'kumalandira 192.168 zake, palibe chovuta. Koma ngati mwabaya dongle mwachindunji pa kompyuta ya Linux ndipo yalandira adiresi ya 100 kuchokera ku kampani, ziwirizi zitha kuwombana zinthu zina n'kusiya kuyenda, ndiye ndi bwino pakati pakhale rauta.

Mu Jellyfin onetsetsani kuti Allow remote connections ndi yoyatsa, pa seva komanso pa akaunti ya munthu aliyense, chifukwa adiresi ya Tailscale imaitenga ngati yakunja. Anthu ambiri amalangiza kuti muonjezere 100.64.0.0/10 pa LAN networks kuti izioneka ngati ya m'nyumba. Ine ndimati musatero. Isiyeni iziyesa kuti ndinu wakunja, chifukwa mukatero malire a Internet streaming bitrate limit, ochepetsa data yomwe kanema amadya, amagwira ntchito, ndipo malire amenewo ndi omwe amapulumutsa bandulo. Apa ndiye pagona nkhani yeniyeni kwa ife a kuno, CGNAT mumaigonjetsa madzulo amodzi, koma data mudzalimbana nayo mpaka kale.

Tiyeni tiwerengetsere. Kanema woyenda pa 1 Mbps amadya 450MB pa ola. Wa 1080p wooneka bwino pa 8 Mbps ndi 3.6GB pa ola limodzi lokha. Ndipo mukamaonera za kunyumba muli kutali mumalipira kawiri, SIM ya mu rauta ikudyedwa potumiza, SIM ya mu foni ikudyedwanso polandira, ndiye kanema wa maola awiri pa 8 Mbps ndi 7.2GB uku ndi 7.2GB uko, ndalama yoti mukanagula chambo chabwino pa Makawa banja lonse n'kudya. Ine ndinaika malire pa 1.5 Mbps, pa sikirini ya foni 480p kapena 720p yofinya imaoneka bwino ndithu, maso anga sasiyanitsa. Nyimbo ndiye zotchipa, pa 128 kbps ndi pafupifupi 58MB pa ola, mutha kumvera kuchoka pa depoti ya Mangochi mpaka kutsika ku Liwonde osamva kuwawa. Kumbukiraninso kuti timabandulo ta WhatsApp kapena Facebook tokha sitigwira apa, zomwe zikudutsa mu VPN kampani imaziwerengera ku data wamba. Mlamu wanga anandiimbira kuti achimwene seva yanu yafa, chonsecho anali ndi ka WhatsApp ka sabata basi.

Komanso liwiro lomwe likufunika kunyumba ndi la upload osati download. Aliyense akapanga speed test amanyadira nambala yoyamba ija, koma seva imatumiza, ndiye yang'anani yachiwiri. Pa 4G upload imadalira kwambiri pomwe rauta yakhala, kwathu kungoichotsa pa tebulo n'kuiika pa windo loyang'ana komwe kuli tawala nambala inasintha moonekeratu, ndipo madzulo anthu onse akakhala pa TikTok imatsikanso. Malire a bitrate aja aikeni pansi pa upload ya nthawi yoipa, osati ya 5 koloko m'mawa.

Kuti kanema wa 1080p atsike kufika pa 1.5 Mbps seva imayenera kumufinya pomwe mukuonerapo, ndiyo transcoding imeneyo, ndipo imatenthetsa kompyuta zedi. Ngati purosesa yanu ndi ya Intel yatsani Quick Sync kapena VAAPI mu Playback settings kuti ntchitoyo izigwiridwa ndi mbali ya zithunzi ya chip, kusiyana kwake mumakumva ndi khutu, fani imasiya kukuwa. Raspberry Pi pa ntchito imeneyi ndi yofooka, ndi bwino laputopu yakale ya Core i5 yogula pa kaunjika wa zamagetsi. Njira ina yomwe ndimaikonda kuposa zonse ndi kufinyiratu, zomwe ndikudziwa kuti abale aziona kawirikawiri, monga vidiyo ya ukwati wa achemwali yomwe wojambula anatipatsa ili 20GB, ndinaidutsitsa mu HandBrake, pulogalamu yofinyira makanema, usiku umodzi n'kusunga kope laling'ono pambali. Ndipo app ya Jellyfin imalola kupanga download, Finamp ya nyimbo nayonso chimodzimodzi, ndiye ndisananyamuke ndimatsitsiratu pa Wi-Fi ya m'nyumba zomwe ndikudziwa kuti ndizifuna, Tailscale n'kutsalira zokhazo zomwe ndazikumbukira ndili kale pa msewu.

Za Plex, pulogalamu ina yofanana ndi Jellyfin, ndinene pang'ono poti ambiri anayambira kumeneko. Ili ndi njira yake yodutsa CGNAT yomwe amati Relay, koma ndi yopanikiza, liwiro lake silipitirira 2 Mbps ngakhale kwa olipira Plex Pass. Ndipo kuyambira April 2025 kuonera makanema a pa seva yako uli kunja kwa nyumba anakusandutsa kolipira, pamafunika Plex Pass kapena Remote Watch Pass. Kulipira madola kuti ndione vidiyo ya chinkhoswe changa chomwe, pa kompyuta yanga, ndi data yanga mbali zonse ziwiri, ayi zikomo. Jellyfin ndi yaulere yonse, inapatukana ndi pulogalamu ina yotchedwa Emby mu 2018 Emby itatseka code yake, ndipo siifuna kulowa pa akaunti ya kampani ina iliyonse kuti itseguke, intaneti ikaduka m'nyumba imagwirabe ntchito pa Wi-Fi.

Cloudflare Tunnel nayo anthu amaitchula kwambiri. Mumaika kapulogalamu kotchedwa cloudflared pa seva, kamatuluka kukalumikiza ku Cloudflare, ndipo aliyense amafika pa seva yanu ndi dzina la domain popanda kuika app ina pa foni. Ndi yokoma pa tsamba wamba kapena dashboard, koma malamulo awo salola kuti muzidutsitsa makanema ochuluka pa pulani yaulere, ndipo atha kukutsekerani. Ena amachitabe n'kumati sizinawachitikire kanthu, zawo zimenezo, ine sindimanga chinthu chomwe abale azolowere pa malo omwe mwini wake ananeneratu kuti sakufuna.

Pomwe Tailscale imakanika ndi pa TV. Android TV, Fire TV Stick ndi Apple TV zili ndi app yake, koma ma TV a Samsung ndi LG simungaikemo, komanso kuuza amalume a ku Ndirande kuti yatsani kaye VPN kenako mutsegule app ina, ndiye kuti mwadzilemba ntchito yoyankha foni Loweruka lililonse. Pa Android VPN imayenda imodzi yokha nthawi imodzi, ndiye amene ali ndi ka VPN kena kofunira intaneti yaulere, kakangoyaka Tailscale yazima, komanso mafoni a Tecno ndi itel amakonda kupha ma app akumbuyo posunga batire, muyenera kulowa mu settings kuichotsa pa battery optimisation. Pa TV njira yachidule ndi kugula ka Android box kapena Fire Stick n'kubaya kumbuyo. Njira yaitali ndi VPS.

VPS ndi kakompyuta kobwereka pa intaneti komwe kali ndi public IP yakeyake, totchipa timayambira pa madola 5 kapena kuchepera pa mwezi. Mumaikapo WireGuard, seva ya kunyumba imatuluka kukalumikiza kumeneko, ndipo pa VPS mumaika Caddy kapena Nginx kuti zonse zobwera pa domain yanu zizilowa mu ngalandeyo mpaka pa port 8096 ya kunyumba. Caddy imadzitengera yokha satifiketi ya Let's Encrypt ndiye https imangobwera. Mzere umodzi womwe musauiwale mu config ya kunyumba ndi PersistentKeepalive = 25, kutanthauza kuti pa masekondi 25 aliwonse seva izitumiza kapaketi, apo ayi CGNAT ikaona kuti pali zii imaiwala njira ija ndipo VPS singathe kuyambitsanso yokha kuchokera kunja. Sankhani VPS ya ku Johannesburg, Vultr ali nayo kumeneko, Oracle nawonso, osati ya ku London kapena Frankfurt, mtunda umamveka. Vuto lake tonse tikulidziwa, forex. Kulipira ndi khadi ya kuno chinthu cha madola mwezi ndi mwezi si masewera, kwacha itagwa ndi 44% mu November 2023 madola 5 omwewo anasanduka ndalama ina, ndipo mwezi womwe khadi yakana VPS imayimitsidwa. Amene ali ndi m'bale ku Joni, ndipo kuno ku Mangochi ndi nyumba zochepa zomwe zilibe, angachite bwino kumupempha kuti azilipira ndi khadi ya kumeneko inu muzipereka makwacha kwa a kwawo kuno.

Mukatsegula choncho dziwani kuti seva yanu ili pa msewu tsopano. Ma bot amayendera adiresi iliyonse ya pa intaneti usana ndi usiku, mukatsegula log mudzaona akuyesa zitseko zomwe simunazimvepo. Aliyense akhale ndi akaunti yake ndi pasiwedi yeniyeni osati dzina la mwana ndi chaka chobadwa, akaunti ya admin isaloledwe kulowa kuchokera kunja, SSH ya VPS, khomo lolowera kukailamula muli kutali, izilowedwa ndi kiyi basi, ndipo muzipanga update. Komanso zikhale za pa banja, mukayamba kugawa link m'magulu n'kumatolera ndalama pa nyimbo ndi mafilimu a eni ake ndiye mwalowa dera la a COSOMA, bungwe loteteza ntchito za oimba ndi aluso ena, imeneyo ndi nkhani ina.

Koma zomwe zimagwetsa seva yanga kawirikawiri si za netiweki n'komwe. Ndi magetsi, kutentha, ndi bandulo. Laputopu ili ndi ubwino woti batire yake ndi UPS kale, chogwirizira magetsi akazima, magetsi akaphethira siizima, koma rauta imazima, ndiye ndinagula ka mini UPS ka 12V kamene kamaigwira maola angapo. Magetsi akapita tsiku lonse batire ya laputopu imatha ndithu, ndipo akabwera iyo siidzuka yokha pokhapokha mu BIOS, ma settings omwe mumalowamo kompyuta ikangoyaka, muli Wake on AC, ma Dell ambiri a Latitude ali nayo, pa desktop imatchedwa Restore on AC Power Loss, iyatseni. Kuti izigwira ntchito chivindikiro chili chotseka, mu /etc/systemd/logind.conf ikani HandleLidSwitch=ignore. Ngakhale ine mwezi wa October ndi November ndimaisiya yotsegula dala, kutentha kwa kuno amene anakhalako akukudziwa, malata akamalira masana hard drive imafika poti kuigwira umachotsa dzanja msanga. Ndinaikweza pa timatabwa tiwiri kuti mphepo izidutsa pansi, ndipo kamodzi pa mwezi ndimaipemerera fumbi ndi kuyang'ana ngati nyerere sizinayambe kumanga mu fani, zimakonda pofunda.

Bandulo ya mu rauta ndiyo imatha mwakachetechete, palibe chomwe chimakuuzani, SMS yochenjeza imapita ku SIM yomwe ili mkati mwa rauta komwe palibe amene akuwerenga. Mumangoona Tailscale ikuti seva ili offline. Nambala ya SIM imeneyo isungeni mu foni kuti muthe kuigulira bandulo pa mobile money muli kutali. Ndipo rauta za SIM zina zimangouma pakapita masiku, magetsi onse akuyaka bwinobwino koma intaneti palibe, mankhwala ake ndi kuzimitsa n'kuyatsanso. Ngati yanu ili ndi scheduled reboot mu settings iyikeni 4 koloko m'mawa, ngati ilibe, ka timer ka pa soketi kamagwira ntchito yomweyo bola UPS ichotsedwe, apo ayi timer izizimitsa UPS n'kumagwirizirabe.

Kwanga ndinamata kapepala pa khoma pafupi ndi shelefu, ndinalemba ndi maka kuti 1 zula chingwe chakuda cha rauta, werenga mpaka 20, bwezera, 2 ngati laputopu siikuyaka buluu dina batani la pakona kamodzi kokha, ndipo mphwanga wa Fomu 2 amene timakhala naye ndi amene ndimamuimbira. Malipiro ake ndi akaunti yakeyake pa Jellyfin, yomwe ndinaitsekera kuti izigwira m'nyumba mokha, chifukwa uyo nditamulola kuonera ali kunja bandulo ya mwezi singafike Lachitatu.